Singano ya Sungeni

Ndimakonza mafiriji pa Chipoka,
kuseri kwa njanji yomera udzu.
Okutobala akafika, dzuwa likamaswa mtengo,
Abiti Saidi amakankha firiji yawo pawilibala:
"Mafilizesi asungunuka, bambo, ndigulitsa madzi a shuga?"
Ndimatchera khutu pa kompuresa ngati mzamba pamimba.
Kuzizira ndimakudziwa ine. Ndiko kunalipira fizi.

Dzulo Sungeni ananditumizira chithunzi pafoni,
timadontho totuwa, tolumikizana ngati zisa za njuchi.
Ndinati chitenje chanji chopanda maluwa?
Anati ababa, amenewo ndi maatomu,
khungu limodzi lokha la mtima wa pensulo,
lopyapyala mwakuti lilibe m'kati,
pamwamba ndi pansi basi.

Mwawaona ndi galasi lanji?
Sitiona, ababa, timapapasa.
Pali singano, kunsonga kwake atomu imodzi,
imayenda mzere ndi mzere osakhudza,
kungomva pokwera, kumva potsika,
monga a Chimtengo osaona aja
ankadziwira kobiri ndi chala pakhomo la tchalitchi.

Nanga kuzizirako n'kwa chiyani?
Akuti chilichonse chofunda chimanjenjemera,
ngakhale mwala, ngakhale sipanala yanga.
Ndiye amatsitsa, amatsitsabe,
madigiri mazana awiri ndi kuposa pansi pa ziro,
kumene mpweya timapumawu umauma gwa,
mpaka tinthuto titakhala phee
ngati ana pamaso pa wojambula.

Ndinaseka ndekha m'shopu.
Ife timanjenjemera mu Juni,
ito timanjenjemera ndi kutentha.

Akuti kumeneko chitseko samenyetsa,
wina akatero, ntchito ya usiku wonse yapita.
Kuno lole ya mzimbe ikadutsa
zitini za gasi zimavina pashelefu.
Ndipo ndi mwana yemweyu
amene ankandigwirira tochi magetsi akathima,
kadzanja kakugwedera, ine n'kumakalipa:
gwira bwino, ukuunika denga!

Sindinamufunse ngati akukumbukira.
Mayunitsi anatha.

Madzulo magetsi anabwera,
firiji ya Abiti Saidi inatsokomola, n'kuyamba kung'ung'udza.
Ndinadikira mpaka chisanu chitayera pachitsulo.
Kenako ndinatsinzina,
ndinayendetsa chala pamwamba pake, osakhudza,
pang'onopang'ono, mzere umodzi, wachiwiri.
Palibe chomwe ndinamva koma kuzizira,
ndi chala changa chomwe, chikunjenjemera.