Mbale Nambala Naini

Zaka zisanu ndi chimodzi ndatsuka mbale ku Senga Bay,
kuseri kwa khitchini komwe mpopi umadontha usiku wonse.
Chakudya cha alendo ndimakumana nacho pobwerera:
fupa la nkhuku lokukutidwa mpaka kuphwanyika,
msuzi wokankhidwira m'mbali ngati mlendo wosaitanidwa.
Mbale sinama.
Ikabwera yoyera mbee, wophika wakhoza.
Ikabwera foloko itagona pamwamba pa nsomba
ndimalawa ndi chala, ndimve pomwe palakwika.
Sukulu yanga inali imeneyo,
fizi yake zala zong'aluka ndi sopo.

Kenaka chipepala chija pamtengo pa Kamuzu Road:
mpikisano wa ophika osapita m'kalasi,
wopambana akaphunzira zophikaphika chaka chathunthu, ulere.
Ndinawerenga katatu
wakabaza akundilizira belu kumbuyo.

Loweruka m'holo, matebulo khumi ndi awiri.
Langa la nambala naini, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi njerwa.
Kumanzere Che Ajibu wa tchipisi cha pa depoti,
mikono yodzaza zipsera za mafuta.
Kumanja Mwajuma, kamtsikana ka ku Lifuwu,
mpeni wake wokulungidwa m'nyuzipepala,
mayi ake, amene anawabweza pakhomo,
atamata chipumi pagalasi la zenera.

Anavundukula madengu.
Kampango, dzungu, bwemba, nsinjiro,
anyezi awiri, mpunga wa faya.
Ola limodzi basi, anatero mayi Kamphinda a chipewa chachitali,
wotchi m'manja ngati oimbira mpira.

Manja anga ozolowera madzi
anayamba achita manyazi ndi moto.
Ndinaviika bwemba, n'kusefa pakansalu,
dzungu ndinaliwotcha mpaka khungu kutuluka matuza,
nsinjiro ndinathira pang'onopang'ono
ngati ndikubweza ngongole.
Kampango ndinamugoneka m'chiwaya, nayamba kung'ung'udza.

Ndipo fungo linandipeza,
lomwe ndimalidziwa kuposa dzina langa:
la poto amene mawa adzafune mchenga ndi phulusa.
Sanali wanga.
Mpunga wa Mwajuma unkagwira pansi
mwini wake ali kalikiliki ndi minga za nsomba.
Lamulo linati aliyense ayang'ane zake.
Ndinatsokomola. Sanamve.
Ndinatsokomolanso, Che Ajibu n'kundipatsa madzi.
Ndiye ndinagwetsa chivindikiro mwadala, ngwee,
chinagubuduka mpaka pamapazi pake.
Potola ndinamulozera ndi mlomo.
Anaphula msanga, maso ali tong'o.

Pomwe ndinkabwerera pamalo panga
kampango anali atada mbali imodzi.
Ndinamugoneka chodetsedwacho pansi,
monga timachitira ndi mkeka wobooka kukabwera apongozi.

Mayi Kamphinda analawa msuzi, natsinzina.
Analawanso.
Kenaka anatembenuza nsomba ndi foloko,
nandiyang'ana, nalemba.
Cholemberacho chinkamveka ngati khoswe padenga.

Dzina loyamba: Mwajuma.
Nthungululu inalowera pazenera mwini wake asanaloledwe kulowa.
Ine, Filesi Gwaza, wachiwiri:
epuloni yoyera ndi mapoto atatu olowetsana.
Ndinaomba m'manja mpaka kuwawa,
ndipo sindinama, kummero kunali kanthu kosamezeka.
Mtsikanayo anafuna kunena mawu, ndinamuuza kuti
ukakafika uko, mphuno izikhala kumoto.

Anthu atabalalika ndinazungulira kuseri kwa holo.
Chizolowezi. Miyendo imadziwa komwe kuli beseni.
Mbale zinali mulu, ntchentche zitayamba kale msonkhano.
Ndinafukula mpaka kupeza ya nambala naini.
Nsomba inalipo, foloko itagona pamwamba,
zimenezo ndinkaziyembekezera.
Koma pomwe panali msuzi wa bwemba
panadutsa chala cha munthu,
kamodzi, kawiri, mpaka m'mphepete,
njira yoyera ngati ya kumadzi.

Palibe anandituma, koma ndinapinda manja a bulauzi.
Ndinatsuka ya Che Ajibu, ya Mwajuma, zonse khumi ndi imodzi.
Yanga ndinaisiya kaye padzuwa,
ndiziiyang'ana.