Khomo Lopanda Masitepe

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndagwira chingwe ndi levulo,
ndipo ndisabise: masitepe ambiri m'tauni muno ndi anga.
Ku Old Town, ku Area 47, kuseri kwa depoti,
ndinawaumba aatali, onyada, opaka polishi wofiira,
bwana akati "akongola" ine n'kugona tulo tabwino.

Mng'ono wanga Fanuwelo sanakwerepo ngakhale limodzi.
Poliyo anamupinda miyendo tili ana ku Mitundu.
Ku banki amadikira padzuwa
mlonda n'kumutulutsira fomu ngati akupatsa wopempha.
Ku tchalitchi timamunyamula anthu anayi
ngati thumba la feteleza,
iye akuseka, kuti manyazi asatigwire ife.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wa mapulani,
Edrina, wa magalasi ndi nsapato zodzaza fumbi.
Anati timange nyumba yowerengeramo ku Chinsapo.
Ndinafunsa, uvuni tiwotchera pati?
Anati sitiwotcha.
Dothi lomweli, simenti pang'ono, makina opsinja, ndi mthunzi.
Ndinaseka mpaka kutsamwa,
ine amene ndinakwezapo mitengo ya Dzalanyama pa lole
usiku, nyali zozimitsa,
kuti njerwa zifiire.

Koma njerwa zake zinauma phee, osamva fungo la utsi,
ndipo nditagogoda ndi hamala, zinandiyankha.

M'bawa umene unali pakati pa puloti
anakana kuti tiudule.
Khoma ndi limene linapatuka,
monga mwana apatukira wamkulu panjira.
Pamwamba, pafupi ndi denga, tinasiya mipata
yoti kutentha kwa Okutobala kuzitulukira kokha.
Mvula ikagwa pa malata siithawira mu ngalande,
imalowa m'thanki, n'kudikira Ogasiti.
Magetsi akazima Chinsapo yense,
mababu athu asanu ndi limodzi amadya dzuwa la dzulo.

Zonsezo ndinazimvetsa msanga.
Chimene tinakangana ndi njira yotsetsereka ya pakhomo.

Ndinaimanga yaifupi, kuti simenti isathe.
Anati gumulani.
Ndinaitalikitsa pang'ono. Anati gumulaninso.
Ndinamuuza kuti pamene iye ankabadwa
ine n'kuti nditamanga kale nyumba zosanja.
Sanayankhe. M'mawa mwake anabwera ndi njinga ya olumala
yobwereka ku chipatala,
nati, a Chimkwita, khalani apa, mukwere nokha.

Ndinakankha mateyala.
Pakati pa chitunda mapewa anayaka moto,
njinga inabwerera chambuyo,
anyamata osakaniza matope anagwa nazo nseko.
Ine sindinaseke.
Ndinkawerenga zaka za Fanuwelo.

Kachitatu ndinagumula ndekha, asanandiuze.

Tsopano njirayo ndi yaitali, imakhota ngati mtsinje wa Lingadzi,
ili ndi popumira pakati,
ndi chitsulo chogwira chimene wosaona angatsate mpaka pa mashelefu.
Chitseko cha chimbudzi n'chotakata,
njinga imalowa n'kutembenuka yosakhula khoma.

Loweruka lapitali Fanuwelo anabwera,
akupalasa ndi manja kuchokera ku Likuni, malaya ali chonyowa.
Ine ndinaima pakhomo, mikono yokonzeka mwa chizolowezi.
Anandidutsa.
Sanandiyang'ane n'komwe.
Manja anga anatsala m'malere, opanda chonyamula,
ndipo sindinadziwe kowaika.

Sanatsegule buku tsiku limenelo.
Analowa, natuluka, nalowanso,
kenako anaima pa mphuthu ya chitseko, nagogoda pansi ndi chala:
achimwene, apa mwasiya kabampu.

Ndinagwada. Kanalipodi,
kochepa ngati chikhadabo.

Lolemba ndipita ndi chizulo.
Koma madzulo ano, mu minibasi yobwerera kunyumba,
ndikuwaona pawindo, limodzi limodzi,
masitepe anga aja,
akuwala ndi polishi,
akudikira.