Makatoni Atatu ku Chilenje

Mwini nyumba wakweza lendi, tikusamuka Loweruka.
Pansi pa bedi patuluka makatoni atatu,
mapepala achikasu ngati mano a wosuta fodya.
Lililonse lili ndi dzina langa pamwamba
ndi kachithunzi ka mnyamata wa tsitsi lambiri
amene ndikanakumana naye lero sindikanamupatsa moni.

Zaka makumi awiri ndi zisanu
ndinkakhala mumdima m'malo mwa anthu ena,
n'kutuluka kukawauza ngati kwacha yawo ipite kapena ikhale.

Ndinayambira ku Matero, m'kachipinda ka malata,
mabenchi a thabwa, bulangete m'malo mwa chitseko,
ana aang'ono kulipira theka.
Yotamu ankaima pambali pa wailesi ya kanema
kumasulira azungu ndi Atchaina m'chilankhulo chathu
pomwe iye mwini sankamva ngakhale liwu limodzi.
Munthu akalira m'filimu, Yotamu ankati,
"Uyu amudyera ndalama za chilimba,"
chipinda chonse n'kuvomera kuti eya, zimawawa.
Ndinalemba za iye masamba awiri.
Mkonzi anadula, panalowa chilengezo cha matayala.

Kenako anyamata athu anabwereka makamera a paukwati.
Loweruka kujambula mkwatibwi,
Lamlungu kujambula wakuba akuthawa m'tinjira ta Kalingalinga.
Magazi anali msuzi wa matimati,
tambala wa neba ankalira pakati pa usiku wa maliro,
wakufa ankapuma, mimba ikukwera n'kutsika.
Ine ndi cholembera changa chofiira
ndinkaimitsa aliyense ngati wapolisi wa pamsewu
kufunafuna nyali yosayaka.

Zelipa Njobvu.
Dzina ili likadali ngati munga wa nsomba pakhosi.
Anajambula filimu yake ku Kanyama dzinja lili pakati,
madzi m'mawondo, kamera m'pulasitiki wa buledi.
Ndinalemba kuti mawu sakumveka,
kuti mwa osewera onse mvula ndiyo inayesetsa.
Anzanga ku ofesi anaseka mpaka kutaya tiyi.
Iye anandipeza pa Kulima Tawa, nyuzi m'manja.
Sanatukwane.
Anangoti, "Bambo, amayi aja munawaona
akukapa madzi m'nyumba ndi poto?
Ndi amayi anga. Sankasewera."
Basi inadzaza, inanyamuka, ine ndili chiimire.
Sanajambulenso.
Ndimamva akugulitsa salaula ku Soweto,
ndipo ndikapitako ndimadutsa mzere wina.

Komabe panalinso usiku uja
magetsi atathima filimu ili pakati,
jenereta n'kutsokomola kawiri, n'kufa.
Palibe anachoka.
Wosewera wamkulu anali pamzere wachitatu;
anaimirira, namaliza nkhani yonse ndi pakamwa,
kulira mbali ya mkazi, kuyankha mbali ya mwamuna,
mafoni onse akumuunikira kumaso.
Ndinalembapo mawu mazana asanu.
Ndawawerenganso lero: ndinatchula mtengo wa tikiti,
ndinadandaula za jenereta.

Tsopano holo ija Lamlungu mumapempheredwa.
Mdzukulu wanga Tiyanjane amaonera zonse m'dzanja,
chala chikukankha nkhope za anthu m'mwamba,
sadikira Lachisanu kuti agogo amuuze chabwino.
Dzulo anandionetsa atsikana awiri a ku Mtendere
akusewera nkhani ya lendi kuseri kwa kantemba.
Ndinaseka mpaka misozi,
dzanja likufufuza cholembera m'thumba lopanda kanthu.

Mkazi wanga akuti galimoto yosamutsira ndi yaing'ono.
Akuti mayi wa vitumbuwa pakona
amavutika kupeza zokulungira.
Ndavomera.
Wina adzawerenga theka la chiganizo changa
mafuta atalowerera mpaka mawu a kuseri kuonekera,
adzapukutira zala, adzataya mu ngalande.
Osewera aja ndinawachita zoposa izi.

Pepala limodzi lokha ndachotsa,
ndalipinda kanayi, lili m'thumba la shati.
Mawa ndikufuna jekete ya m'nyengo yozizira.
Sindikudziwa ngati adzandizindikira wopanda tsitsi,
kapena ndiyambe ndi kufunsa mtengo,
kapena ndi kufunsa amayi ake.