Chidutswa Kaye

Magetsi azima folo koloko, watero uthenga wa pafoni,
ndipo ine ndili ndi fayilo ya mizere mamiliyoni atatu:
puloteni imodzi yomira m'bokosi la madzi,
atomu iliyonse pamzere pake,
dzina, nambala, ndi pomwe yaima.
Dzina la okosijeni wa m'madziwo ndi lolakwika.
Palembedwa OW. Pulogalamu ikufuna O yekha.
Kachilembo kamodzi,
koma kabwerezedwa pafupifupi kamiliyoni.

Ndinayamba ndi chija chokongola, cha mabatani ndi mitundu,
chimene ndimalembera makalata opempha fizi.
Chinameza fayilo yonse nthawi imodzi
ngati nsato yameza mbuzi ndi nyanga zomwe,
n'kungoti zii.
Kafani ka laputopu kakulira, kamuvi sikakusuntha.
Mphindi makumi awiri zapita.

Namakau, wa desiki ya pawindo, osacheuka n'komwe: vim.
Inatsegukadi, sindikana.
Koma ndinali m'nyumba yopanda khomo lotulukira,
ndikudinda makiyi chidindedinde,
mizere iwiri n'kusowa osatsanzika.
Chibesa, chitumbuwa chili m'kamwa, akuti lemba ka Python.
Laibulale imene akunenayo ikufuna intaneti.
Bandulo yanga inatha Lachiwiri.

Atate ali ku Kalingalinga, m'mphepete mwa msewu,
pomwe mabedi ndi zitseko zimawothera dzuwa kudikira ogula.
Sindinawaonepo akunyamula thabwa la mukwa kuti alisalaze.
Amaligoneka pabenchi,
pulena n'kumayenda yokha, kuchoka uku kufika uko,
zopalapala zikugwera pa nsapato.

Ndiye sed ameneyo. Sasenza fayilo.
Amangodutsa, mzere ndi mzere, osasunga kanthu pamutu.
Masekondi asanu ndi anayi, basi.
Ndinaimirira n'kugwedeza mapewa pang'ono.

Pa sitepe yachikhumi ndi chiwiri madzi anaphulika.
Maatomu kubalalika m'bokosimo
ngati ogulitsa m'misewu ya m'tauni ataona galimoto ya khonsolo.
W uja pochoka anasiya mpata,
manambala onse n'kusendera kumanzere malo amodzi,
pulogalamu n'kuwerenga zimene sindinalembe.
Choipitsitsa, ndinali nditapala pa fayilo yeniyeniyo.
Yakale inalibenso.

Namakau anasolola fulashi m'chikwama, osanena kanthu.
Dzulo ndinamukopera, ndinali nditaiwala.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinawononga chitseko cha kasitomala
poyesa tchizulo chatsopano.
Atate sanandimenye.
Anatola kachidutswa pansi, n'kundiika m'manja:
thabwa la mwini sayeserapo chitsulo, Zelipa.

Hafu pasiti fili.
Ndadula mizere zana ya kumapeto, komwe kuli madzi.
Pomwe pachoka W ndaikapo mpata wopanda kanthu.
Chala pagalasi, ndikutsika nacho pang'onopang'ono,
madontho a manambala aima mzere umodzi
ngati misomali ya m'mbali mwa bedi.
Tsopano fayilo yonse, koma zotuluka zipite ku dzina lina.
Ndawerengetsa mizere: yalowa ingati, yatuluka ingati.
N'chimodzimodzi.

Kwatsala mphindi zisanu ndi zinayi.
Ndatumiza ku kompyuta yaikulu ya chipinda chapansi,
ija ili ndi mabatire akeake.
Sitepe zana. Chikwi. Madzi akunjenjemera mwaulemu.
Kenako thi! chipinda chonse mdima,
Chibesa akutukwana m'Chibemba.

Ndayenda wapansi, fumbi la Ogasiti m'mano,
makondakitala akukuwa tauni, tauni, ngati ndawakongola.
Ndawapeza atate akulowetsa mipando isanagwe mdima.
Lero wagwira yotani kusukuluko?
Ndachotsa chilembo chimodzi, atate.
Tsiku lonse?
Tsiku lonse.
Anauzira utuchi pa pulena, n'kuyesa mpeni wake ndi chala chachikulu.
Gwira mbali iyo, anatero,
tebuloli ndi lolemera.