Pothera Mzere

Usiku wa Juni pa boma la Dedza,
chisanu chatsika m'phiri, chalowera pansi pa chitseko.
Ndavala majuzi awiri koma zala zikukanabe kupinda.
Pansi pa tebulo kabokosi kotuwa kakung'ung'udza,
seva ya kalabu yathu,
yonyamula macheza a alimi a kachewere
kuchokera ku Bembeke mpaka ku Lizulu:
mitengo ya lero, lole ya ndani ili panjira,
feteleza wafika kapena ndi mphekesera chabe.

A Dzoole andiimbira katatu.
"Ndinalemba m'mawa kuti lole ibwere.
Mbatata zili pamsewu, mwana iwe."

Ndasuzumira m'mimba mwa seva
ndipo uthenga wawo ndaupeza uli chiimire pakhomo,
wathunthu, wosasowa chilembo,
anzake ataunjikana kumbuyo ngati chingwe chimodzi:
matumba makumi anayi lole ibwere mwaona kodi
bwanji simukuyankha kapena mwagona.
Seva ili phee, ikudikira kuti mkuluyo amalize kulankhula.

Mayi anga ankatayipa makalata a anthu
pakhonde la positi ofesi, ine ndili pamiyendo pawo.
Kabelu kakati ngee, dzanja lamanzere linkakankha chitsulo:
bwerera koyambira, tsika mzere wina.
Ntchito ziwiri, mkono umodzi.
Makinawo anadyedwa ndi dzimbiri kalekale
koma mawu awiriwo anasamukira m'makompyuta,
tizizindikiro tosaoneka ndi maso, tobisala pothera mzere.
Ena amatumiza tonse tiwiri.
Foni ya a Dzoole imangoti tsika.
Kakompyuta kakale ka kusitolo ya mbewu ku Linthipe
kamati bwerera, n'kutseka pakamwa.

Kamtukule, amene analemba pulogalamuyi
asanakwere basi ya ku Joni,
anaiphunzitsa ulemu wamtundu umodzi wokha:
usayankhe usanamve zonse ziwiri.

Ndinayamba ndi liuma.
Ndinati dula paliponse pali chizindikiro,
ndipo aliyense wotumiza ziwiri
anabereka mzere wopanda kanthu pambuyo pa mawu ake.
Mayi Nangozo, osagona ndi chifuwa, analemba:
"Mwafuna kunena chiyani, mwasiyiranji?"
Ndinaseka ndekha, tiyi atazizira m'kapu.

Ndiye pali netiweki yakuno,
yoduka ngati ulusi wa pakaunjika.
Bwerera amafika yekha ali wefuwefu,
tsika watsalira pachitunda akukankha njinga,
adzafika mnzake atalandiridwa kale.

Cha m'ma thuu koloko ndinasiya kulamula makina a eni ake.
Sindingapite ku Linthipe kukawagulira kompyuta ina.
Ndinalemba mizere isanu ndi inayi:
ukamva bwerera, mawu atha;
ukamva tsika, mawu atha;
tsika akabwera pamsana pa bwerera, ngakhale mochedwa,
mlandire mwakachetechete, usamuyese mlendo watsopano.
Koma iwe ukamayankha, maliza ndi zonse ziwiri,
kwa aliyense, tsiku lililonse,
wina asakudikire mmene wadikirira iwe.

Ndinayesa ndi foni yanga, ndi ya mlonda,
ndinadula dala uthenga pakati kuti ndione.
Unatuluka bwinobwino.
A Dzoole anamasuka m'mizere inayi,
wotsiriza uja wofunsa ngati tagona.
Sindinagone, bambo.
Lole inyamuka kukacha, dalaivala wavomera,
ngakhale mtengo wa dzulo sitiupezanso.

Bambo anga akamaliza nkhani ankangovala chipewa.
Azakhali amati basi, kenako n'kuwonjezera zina.
Ndinakula ndikuwamva onse
popanda wondilembera lamulo.

Mawa ndikagona kwa mayi ku Kapalamula.
Maso awo anafooka, foni ndimawawerengera ndine,
koma mpaka lero akafika pothera mawu
dzanja lawo lamanzere limanyamuka pang'ono pachitenje,
kukankha chitsulo chimene kulibe,
ndipo ine ndimadziwa kuti tsopano ndingayankhe.