Kadzutsa ndi Chimbalangondo

Peterborough, teni koloko usiku.
Mvula ikugogoda pa windo ngati wangongole waulemu.
Felista wavula nsapato za ku ntchito,
mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.
Ine ndili ndi pensulo, envelopu ya bilu ya gasi,
ndi masiku atatu a ku Skegness oti ndiwadyetse.

Sungeni wasiya lamulo asanakagone:
Lachiwiri m'mawa adzadya ndi Chimbalangondo,
chija cha chipewa chofiira ndi batani limodzi pamimba.
Osati kuchionera patali ayi.
Tebulo limodzi.

Mapaundi makumi awiri ndi anayi mutu umodzi.
Aulere amathera pa zaka zitatu,
ndipo Lonjezo wapitirira ndi miyezi iwiri.
Miyezi iwiriyo tayiyang'anitsitsa nthawi yaitali.
Felista akuti, komatu ndi wamfupi.
Ine ndikuti, komatu ndi wolongolola,
adzaulula yekha pakhomo, zala zitatu m'mwamba
n'kuwonjeza kuti keke inali ya buluu.
Talemba anthu anayi.

Pali pulani ya golide, umadya mpaka lamba apepese.
Pali ya siliva, juwisi kapu imodzi, osabwereza.
Yathu ilibe dzina.
Lolemba, masangweji a mazira pansi pa chikwama cha matewera,
kumene dzanja la mlonda wa pageti limachita ulesi.
Lachitatu, tchipisi cha m'pepala pa benchi,
kulimbirana ndi mbalame za kunyanja zosaopa munthu.
Soseji ya nkhumba ayi, Felista ndi wa Sabata.
Ndipo ine, mwana wa mlimi wa mtedza wa ku Mchinji,
ndalemba ndi dzanja langa m'kabokosi ka fomu:
mtedza ayi, mnyamatayu amatupa milomo.
Bambo akanamva akanaseka mpaka kutsokomola.

Chimene Sungeni sakudziwa n'chakuti
chilimwe changa choyamba m'dziko lino
ndinali Mkango pa paki ina.
Dziko ndinkalionera kukamwa, pa kaneti kakuda.
M'mutumo munkanunkha munthu wa dzulo.
Mphindi makumi awiri panja, khumi m'kachipinda,
mutu pa mpando ukumwetulirabe,
ine ndikumwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo.
Kulankhula kunali koletsedwa.
Ana ankandikoka mchira, wina anandipaka jamu pabondo,
wina analira mpaka mayi ake anandipepesa,
akuyang'ana maso apulasitiki, pamwamba pa nkhope yanga.

Ankati kudya ndi Mkango.
Mkangowo sunalaweko kanthu.
Ndinkazungulira matebulo a mapanikeke, mimba ikuimba,
zikhatho zopanda zala, zosagwira ngakhale supuni,
ndipo malipiro a ola lathunthu
sakanagula mbale ya mwana mmodzi amene ndinkamuvinira.

Kwathu mwana sauzidwa za m'kati mwa chilombo.
Mwambowo ndiusunga.
Akadzathamanga kukachikumbatira
ndidzajambula, ndidzaombera m'manja,
ndidzavomera kuti inde, chimagona m'nkhalango kuseri kwa paki,
osati m'kalavani ya anthu asanu ndi mmodzi
momwe masokosi amauma pa chitseko cha uvuni.

Koma pansi pa masamu ndawonjeza mzere:
mapaundi asanu, opindapinda, oti alowe m'chikhatho chaubweya.
Ndidzadikira ana atembenukire ku madonasi,
ndiweramire pa kaneti kakuda kaja
ndinene motsitsa, m'chinenero chilichonse chimene chingafike:
achimwene, kapena achemwali, kwatsala pang'ono, mukapuma.

Felista akufunsa kuti faifi imeneyo ndi ya chiyani.
Ndikuti ndi ya madzi.
Akundiyang'ana, akudziwa, sakunena kanthu.
Akutulutsa mapazi m'beseni lomwe lazizira kale.
Werengeranso, akutero,
wayiwala ayisikilimu, ndipo basi siyendera chikondi.