Khomo Limodzi

Usiku wa Lachinayi ku Kabwata, magetsi angobwera kumene,
ndaika chida chatsopano cholembera mapulogalamu
m'laputopu yomwe ndinagula ku Kamwala,
ija yothyoka batani la Z.
Ndazimitsa, ndayatsanso. Wayifayi yasowa.
Kachizindikiro kaja ka mauta atatu
kafota ngati duwa la dzana.

Zelipa akuti, "Mwina bandulo yatha."
Si bandulo, mlongo wanga.
Muno muli dalaivala,
osati wa minibasi za ku Kulima Tawa,
koma kamunthu kosaoneka kolankhula ndi mphepo.
Iyeyo ndi mlendo wangayu akulimbirana khomo limodzi
ngati anthu a lendi mumdadada
pa mpopi umodzi m'mawa wa Lolemba.
Uyu akatsegula, uyo watseka.
Palibe wopepesa mnzake.

Ndachotsa mlendo, mphepo yabwerera,
koma ndilembera chiyani?
Ndamubwezeramo, cholembera ndili nacho,
nanga ntchito ya a Sakala a kufamase
ndiitumiza bwanji isanakwane eyiti koloko?

Akuti mankhwala ake ali pa intaneti.
Ndaseka ndekha.
Kiyi watsekeredwa m'nyumba momwemo.

Tsopano ndakhala pansi pakhonde,
chingwe chabuluu chobwereka kwa Mwiinga
chadutsa pawindo, pamwamba pa mbaula yozima,
kukalowa kumbuyo kwa rauta.
Makina opanda chingwe ndawamangirira ngati mbuzi.
Mizere yobiriwira ikutsika umodziumodzi.
Awiri aja sanagwirizanebe.
Ndangowauza kuti mlandu wawo
tidzaukamba ndikalipira lendi.